Pansi pa Masamba a kwa Kapichi

Tinanyamuka m'mamawa pa tsiku loyamba la sabata, mwezi wa Febuluwale, titanyamula makasu awiri ndi matumba asanu ndi limodzi. Tinalipo asanu ndi awiri, tonse a gulu la zaumoyo la mpingo wathu kuno kwa Kapichi, m'boma la Thyolo. Cholinga chathu chinali chaching'ono. Tinkafuna kukatapa masamba ovunda kumtsinje kuti tikathire m'dimba lachitsanzo limene tinatsegula kuseri kwa tchalitchi, momwe timaphunzitsira mabanja kulima ndiwo zamasamba popanda kudalira feteleza wogula.

Amene anafikako kuno akuidziwa njira yotere. Umayenda m'kanjira kofiira, kumanja kuli chimanga, nandolo ndi chinangwa zothithikana pa kamunda kamodzi, kumanzere kuli tiyi wa esiteti wometedwa bwino ngati tebulo. Patali pali mizere ya bulugamu amene mafakitale amasonkhezera moto woumitsira tiyi, ndipo kwina kuli makadamiya. Tinakumana ndi amayi othyola tiyi, madengu ali kumsana, atadzikulunga mapepala apulasitiki m'chiuno chifukwa cha mame. Kum'mawa mitambo itang'ambika pang'ono, phiri la Mulanje linaonekera. Tiyi wakhala m'dera lino zaka zoposa 100, ndipo nkhalango yachilengedwe yatsala pang'ono kwambiri. Ngakhale phiri la Thyolo, limene makolo athu analidziwa lili bii ndi mitengo, lero mbali yaikulu ndi minda. Zimene zatsala ndi timizere ta mitengo m'mbali mwa mitsinje, m'manda, ndi m'zigawo zina zimene maesiteti anasunga.

Tinkapita ku kamzere kotero. A mfumu anali atatiloleza kale. Titangolowa pansi pa mitengo ya mbawa ndi mkuyu, mpweya unasintha. Kunali kozizira, kukununkhira dothi lonyowa. Mnyamata wathu wamng'ono pa gulu anakweza khasu kuti ayambe, koma bambo wina wachikulire, amene anagwirapo ntchito ya ulangizi wa zaulimi asanapume, anamugwira mkono.

"Taimani kaye, achimwene. Khasu liikeni pansi. Yambani ndi manja, muone eni ake a malo ano."

Tinagwada tonse. Pamwamba panali masamba ouma a chaka chino. Titawachotsa tinapeza masamba akuda, onyowa, odyekadyeka, olumikizana ndi timaulusi toyera ta nkhungu. Pansi pake masamba anali atatheratu, patsala dothi lakuda lofewa ngati ufa. Kuyambira pamwamba mpaka pa dothilo sipanakwane ngakhale kutalika kwa chala. M'malo aang'ono ngati thireyi tinaonamo bongololo awiri atadzipinda, nyongolotsi zisanu, nkhono yaing'ono, namkalizi amene anatithawitsa tonse, akangaude, tizikumbu takuda tothamanga, chiswe chili m'kanthambi kowola, ndi tizilombo tina tating'ono ngati fumbi, todumpha tikakhudzidwa. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ena a ife takhala tikudutsa pamenepa kuyambira ubwana, koma tinali tisanagwadepo.

A alangizi anatifotokozera ntchito ya aliyense. Bongololo, nkhono ndi chiswe amadula tsamba kukhala tizidutswa. Nkhungu ndi tizilombo tosaoneka ndi maso timamaliza kuliwoletsa. Nyongolotsi zimakokera zowolazo pansi, n'kusiya timauna momwe madzi a mvula amalowera m'malo mothamanga pamwamba ndi kukokolola nthaka. Akangaude, namkalizi ndi zikumbu amadya anzawo kuti pasachuluke mtundu umodzi. Chakudya chimene mtengo unakoka m'nthaka chimabwerera m'nthaka kudzera m'mimba mwa tizilombo timeneti. Manyowa amene tinabwerera, anatero, si masamba chabe. Ndi ntchito ya antchito osalipidwawa.

Apa ndi pamene mayi wina wa gulu lathu, mtsogoleri wa a Dorika, analankhula. Iye anakulira ku Zambia. Bambo ake anali mmodzi mwa Amalawi ambiri amene anapita kukagwira ntchito m'migodi ya kumeneko, ndipo banja lawo linkakhala ku Kabwe. Anali atagwira dothi lakuda lija m'manja, akulifikisa ndi zala.

"Abale anga, kumene ndinakulira ine, kufupi ndi mgodi, dothi lotere sindinalione. Linali fumbi lotuwa. Tinkasewera momwemo, n'kumadya mbatata osasamba m'manja. Panalibe amene ankadziwa."

Zimene sankadziwa nthawi imeneyo, lero dziko lonse likuzidziwa. Mzinda wa Kabwe, umene kale unkatchedwa Broken Hill, uli pa mtunda wa makilomita pafupifupi 140 kumpoto kwa Lusaka. Kumeneko anakumba ndi kusungunula mtovu ndi zinki kuyambira mu 1906 mpaka mu 1994. Mgodi unatsekedwa, koma milu ya zotsalira inakhala pomwepo, ndipo mphepo imaulutsira fumbi lake m'makomboni monga Kasanda, Makululu ndi Chowa. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limanena kuti palibe mlingo wa mtovu m'magazi umene tinganene kuti ndi wosaopsa. Pa muyezo umene madokotala amagwiritsa ntchito, mwana akafika pa 5 kumafunika kufufuza kumene mtovuwo ukuchokera, ndipo akafika pa 45 amafunika mankhwala apadera ouchotsa m'thupi. Ana ambiri a m'makomboni amenewa anapezeka ataposa 45. Mtovu umaononga ubongo umene ukukula. Mwana amavutika kugwira za m'kalasi, amachepa magazi, amakwinimbira, ndipo zina mwa zoonongekazo sizibwerera.

Titabwerera kunyumba tinaifufuza bwino nkhaniyi, pokonzekera phunziro la zaumoyo. Mtovu uli m'gulu la zitsulo zimene akatswiri amazitcha zolemera. M'gulu lomwelo muli kadimiyamu, mekyule, kopa ndi zinki. Zina, monga kopa ndi zinki, thupi limazifuna pang'ono zedi, koma zikachuluka zimasanduka poizoni. Mtovu, kadimiyamu ndi mekyule zilibe ntchito iliyonse m'thupi. Zonsezi zilimo kale m'miyala pansi pa nthaka, zotsekeredwa. Mgodi umazitulutsa, kuziphwanya kukhala fumbi, kuzisakaniza ndi madzi, kapena kuziulutsa mu utsi. Choopsa chake n'chakuti chitsulo sichiwola. Tsamba limawola, ndowe zimawola, ngakhale mankhwala ambiri opopera mbewu amatha mphamvu pakapita nthawi. Mtovu ukagwa m'nthaka umakhala mtovu zaka mazana. Ndipo malo amene umakakamira kwambiri ndi pamene tinagwada paja, pa masamba owola a pamwamba, chifukwa zowola zimagwira zitsulo monga nsalu imagwirira utoto.

Kodi chimachitika n'chiyani kwa eni ake a malo aja? Ku Avonmouth, pafupi ndi mzinda wa Bristol ku England, kunali fakitale yaikulu yosungunula zinki ndi mtovu, imene inatsekedwa mu 2003. Akatswiri amene anafufuza nkhalango zoyandikana nayo anapeza chinthu chodabwitsa. Mitengo inali chiimire, yobiriwira, koma pansi pake masamba anaunjikana mulu wochindikala, osawola. Pafupi kwambiri ndi fakitale nyongolotsi zinalibemo, ndipo abongololo anali ochepa. Antchito aja atatha, ntchito inaima. Munthu wodutsa akanaganiza kuti nkhalangoyo ndi yachonde chifukwa cha kuchuluka kwa masamba, pamene chinali chizindikiro cha matenda.

Si tizilombo tonse timene timafa. Tina timasunga chitsulocho m'thupi, n'kumakhalabe ndi moyo. Koma kupirira kumeneko kuli ndi mtengo wake. Ku Olkusz m'dziko la Poland, dera la migodi ya zinki ndi mtovu, zikumbu zotengedwa m'nkhalango zoipitsidwa zinkaoneka zabwinobwino, koma zikasowa chakudya kapena zikakhudzidwa ndi mankhwala ophera tizilombo, zinkafa msanga kuposa zinzake za m'nkhalango zoyera. Ku Harjavalta m'dziko la Finland, pafupi ndi fakitale yosungunula kopa, nkhono zinachepa. Timbalame timene timadya zigoba za nkhono kuti tipeze kashiamu tinayamba kuikira mazira a zigoba zopyapyala, ndipo anapiye ambiri sankakula. Utsi wa fakitale unapha nkhono, ndipo kusowa kwa nkhono kunafika mpaka m'chisa.

Zimenezi zinatikumbutsa chimene tinaona tsiku lija tikudya mbatata yathu pa mwala. Mzere wa linthumbu unkadutsa, ndipo tizilombo tonse tinkathawa patsogolo pake. A alangizi anatiuza za kambalame kosowa kamene akatswiri anakapatsa dzina la phiri lathu, Thyolo alethe. Kamakhala pansi m'nkhalango zowirira za kuno, za ku Mulanje ndi za m'mapiri ena a kumpoto kwa Mozambique monga Namuli. Kamakonda kutsatira linthumbu n'kumatola tizilombo tothawato. Choncho moyo wake wonse uli pa masamba owola aja. Poizoni akalowa m'tsamba, amalowa mwa bongololo, kenako mwa kangaude ndi chikumbu, kenako mwa mbalame, chule ndi buluzi.

Ndipo sathera kutchire. Nkhuku yachikuda imatha tsiku lonse ikupalasa, kudya nyongolotsi, chiswe ndi timiyala. Akatswiri a yunivesite ya Zambia, mogwirizana ndi anzawo a yunivesite ya Hokkaido ku Japan, anapeza mtovu wambiri m'nkhuku zoyendayenda za ku Kabwe, komanso m'makoswe, m'mabuluzi, mwa agalu ndi mwa ng'ombe za pafupi ndi mgodi. Ife amene sitidya nyama tisaganize kuti tapulumuka. Bowa amadziwika kuti amakoka kadimiyamu ndi mekyule m'nthaka. Ndiwo zamasamba zimatenga zitsulo kudzera m'mizu komanso fumbi logwera pa masamba. Chiswe chimatulutsa dothi la pansi kwambiri pomanga chulu, moti ofufuza miyala ya mtengo wapatali amapima dothi la pachulu kuti adziwe zimene zili pansi. Dothi lomwelo ndi limene amayi ena oyembekezera amalakalaka kudya. Kuphika sikupha chitsulo. Kuwiritsa madzi kumapha tizilombo toyambitsa kolera, koma mtovu umatsala momwemo.

Pali chinthu china chokhudza ife a ku Thyolo makamaka. Tiyi amakonda nthaka ya asidi, ndipo n'chifukwa chake amachita bwino kuno ndi ku Mulanje. Koma m'nthaka ya asidi zitsulo monga kadimiyamu ndi zinki zimasungunuka mosavuta, n'kulowa msanga m'mizu, m'matupi a tizilombo ndi m'madzi. Mvula yathunso ndi yambiri, ndipo malo athu ndi otsetsereka. Chimene chingatayike kumtunda sichingakhale kumtunda.

Mnyamata wa khasu uja anafunsa funso limene mwina inunso muli nalo. "Koma bambo, kuno kwa Kapichi kulibe mgodi. Nanga tikudandauliranji za ku Zambia ndi ku Ulaya?"

A alangizi sanayankhe msanga. Analoza kum'mawa, kumene phiri la Mulanje linali litabisalanso m'mitambo. Pamwamba pa phirilo, ku Lichenya, pali miyala ya bokisaiti yopangira aluminiyamu, ndipo nkhani yofuna kuikumba yakhala ikubuka kwa zaka zambiri, anthu n'kumaikana. Bokisaiti amakumbidwa pochotsa dothi lonse la pamwamba, lomwe lija muli moyo, pa phiri limene ndi gwero la mitsinje monga Ruo, Likhubula ndi Thuchila. Mu 2025 bungwe la UNESCO linaika phirili m'kaundula wa malo ofunika padziko lonse. Kuseri kwake, m'boma la Phalombe, kuli phiri la Songwe, kumene kampani ya Mkango Resources inasainirana mgwirizano ndi boma mu 2024 wokumba miyala yosowa imene imagwiritsidwa ntchito m'maginito a mainjini amagetsi. Dziko lathu laika chiyembekezo chachikulu pa migodi, ndipo ife sitikunena kuti migodi ndi yoipa. Ana athu akufuna ntchito. Khasu limene tinanyamula linachokeranso mumgodi. Nkhani ili pa zotsalira: zidzasungidwa kuti, motani, ndipo adzaziyang'anira ndani mgodi ukadzatsekedwa?

Funsoli si lachibwana. Pa 18 Febuluwale 2025, damu losungira zotsalira za kampani ya Sino-Metals Leach Zambia linaphulika pafupi ndi Chambishi, nthawi ya mvula. Madzi a asidi osakanikirana ndi zitsulo, malita osachepera 50 miliyoni, analowa m'mitsinje yothira mu Kafue. Nsomba zinafa, minda ya chimanga ndi mtedza inapsa, ndipo mzinda wa Kitwe unatsekeredwa madzi a m'mipopi kwa masiku. Ife amene tinaona namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, mapiri akugumuka ku Mulanje, Phalombe, Chiradzulu ndi Blantyre, tikudziwa mphamvu ya madzi a kuno. Damu lililonse la zotsalira limene lingamangidwe m'chigawo chino liyenera kumangidwa poganizira mvula ngati imeneyo. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Komabe mgodi umene uli pafupi kwambiri ndi mabanja athu si wa makampani. Anyamata ambiri, malo olima atachepa, amapita kukasaka golide, ena m'chigwa cha Lisungwe, ena ku Makanjira, ena kuwoloka malire mpaka ku Manica ndi ku Niassa m'dziko la Mozambique. M'malo ambiri otere golide amamugwira ndi mekyule, kenako amawotcha kuti mekyule auluke, golide atsale. Utsi wakewo alibe fungo, koma umaononga ubongo, mitsempha ndi impso. Wotsala amagwera m'nthaka ndi m'madzi, kumene amasanduka mtundu wina woopsa kwambiri umene umaunjikana mu nsomba. Ukumbi wa golide wa anthu wamba ndiwo gwero lalikulu kuposa onse la mekyule wotayikira mumlengalenga padziko lapansi. Matenda a mekyule anadziwika bwino ku Minamata m'dziko la Japan mu 1956, kumene ana anabadwa olumala amayi awo atadya nsomba za m'madzi oipitsidwa.

Pobwerera tinaona china chimene chinatichititsa manyazi. Kumapeto kwa kankhalango kaja, pamene mudzi ukuyambira, panali dzala. M'menemo munali mabatire a tochi ophulika ndi batire lalikulu la sola, long'ambidwa, mbale zake zili pamtunda. Mbale zimenezo ndi mtovu. Mabatire ena otchaja amakhala ndi kadimiyamu. Nkhuku zinali kupalasa pomwepo, ndipo mamita ochepa kumunsi kunali mtsinje. Tinayang'anana. Ambiri a ife tili ndi dzala lotero kuseri kwa nyumba, ndipo chaka chikatha timafukula manyowa ake n'kukathira m'dimba la mpiru. Zimene mgodi watulutsa kutali zimafika kwathu m'sitolo, ndipo timazikwirira tokha pamene ana athu amasewera.

Tinakhala pansi pa mtengo wa mango n'kugwirizana zinthu zingapo zoti tiziphunzitsa m'makomo. Batire lisalowe m'dzala la manyowa, m'chimbudzi kapena pamoto. Lalikulu likatha libwezedwe kwa ogulitsa kapena ogula mabatire akale lili lathunthu, osaliswa pakhomo, ndipo ana asasungunule mtovu wake. Ang'onoang'ono asungidwe m'chigubu chotseka, pouma, kutali ndi ana. Amene ali ndi wachibale wokumba golide amuuze mwachikondi kuti asawotchere mekyule m'nyumba kapena m'khitchini, asasunge m'chipinda chogona, ndipo zovala zantchito zisasakanikirane ndi za ana. Ana asambe m'manja ndi sopo asanadye. Ndiwo zamasamba zitsukidwe bwino. Mayi woyembekezera amene akulakalaka dothi apite kusikelo akapimidwe magazi, chifukwa nthawi zambiri chilakolakocho chimayendera limodzi ndi kuchepa kwa ayironi m'thupi. Mwana wodya mokwanira, makamaka zakudya za ayironi ndi kashiamu monga nyemba, nandolo, soya, bonongwe, chisoso ndi mkaka, thupi lake silikoka mtovu wambiri ngati la mwana wanjala.

Tinagwirizananso za misonkhano. Lamulo losamalira chilengedwe la 2017 limafuna kuti ntchito yaikulu ngati mgodi isanayambe pachitike kafukufuku wa momwe idzakhudzire chilengedwe ndi anthu, ndipo bungwe la MEPA ndilo limayang'anira zimenezi. Anthu a m'deralo amayenera kufunsidwa maganizo. Msonkhano wotero ukaitanidwa, tisasiyire a mfumu okha. Tipite, ndipo tikafunse za ntchito ndi chipukuta misozi, inde, komanso tikafunse ngati nthaka ndi madzi zapimidwa ntchito isanayambe, ngati zotsatira zake zidzaperekedwa kwa anthu m'chinenero chawo, ndi kuti ndalama zokonzera malo pomaliza zasungidwa kuti. Popanda muyezo wa poyamba, palibe amene angadzatsimikize kuti china chasintha.

Ife tilibe makina opimira mtovu. Koma a alangizi anatipatsa muyezo wa anthu osauka. Tinasankha malo atatu m'kankhalango kaja, tinakhoma zikhomo, ndipo tinalemba m'kope zimene tinapeza pa malo alionse: nyongolotsi zingati, abongololo angati, nkhono zingati, masamba achindikala bwanji. Tidzabwerako mwezi womwewo chaka chilichonse, pamodzi ndi ana a kalabu ya Pathfinder. Kope limeneli silingalowe m'malo mwa labotale, ndipo tizilombo tingachepe pa zifukwa zinanso, monga chilala, moto kapena mankhwala opopera. Koma likadzaonetsa kuti masamba akuunjikana osawola ndipo nyongolotsi zasowa, tidzadziwa kuti nthawi yokaitana odziwa yakwana, tisanayambe kuona zizindikiro mwa ana.

Pa matumba asanu ndi limodzi aja tinadzaza awiri okha, ndipo tinatapa apa ndi apo, osakokolola malo amodzi mpaka dothi kuonekera. Otsalawo tinawagwiritsa ntchito ina. Mayi wa ku Kabwe uja anavala mapepala apulasitiki m'manja, natola mabatire onse m'dzala lija mmodzimmodzi. Mwini dzala anatuluka, mayi wachikulire, akudabwa.

"Ana inu, zinyalala zangazo mukupita nazo kuti?"

"Agogo, tabwera kudzapempha zimenezi zokha. Tikhale pansi pang'ono tikufotokozereni chifukwa chake."

Anatiyalira mphasa. Tinakhala nawo mpaka dzuwa linafika pamutu, ndipo potsazikana anatipatsa mapeyala anayi, natiuza kuti kwa mwana wawo kuseri kulinso batire lina.